Tambala wa Amalume pa Michiru

Lumbani, mphunzitsi wa ku sekondale ina mu Blantyre, anakonza zoti Loweruka limenelo akwere phiri la Michiru ndi chibwenzi chake Caroline, akafika pamwamba amudzidzimutse ndi mphete. Chinsinsicho anauza munthu mmodzi yekha, mayi ake a ku Chigaru, ndipo n'chifukwa chake ali chiimire pa siteji ya ku Chileka kudikira mtsikanayo, amene anatsika m'minibasi anali amalume ake a Willie, atavala suti yawo ya kumaliro ndi kumaukwati, tambala ali m'khwapa.

"Amalume! Mukupita kuti ndi nkhuku?"

"Komwe ukupita iweko," anatero a Willie akusasa fumbi pajekete. "Ndakwera pa Lirangwe, kutsika pa Kameza, kukweranso ina. Tambalayu waipitsira bambo wina wa tayi panjira, koma tafika. Mayi ako akuti lero ukufunsira mbeta. Kwawo n'kuti?"

"Kwawo ndi kwa Kuntaja, koma sitikupita kwawo. Tikupita uko."

A Willie anatsatira chala cha mphwawo. Analiyang'ana phirilo kuyambira m'tsinde mpaka pansonga.

"Anasamukira kumeneko? Amawotcha makala?"

"Ayi, kulibe nyumba. Ndi nkhalango yotetezedwa. Anthu amangokwera."

"Kukatola nkhuni?"

"Ayi."

"Kukapemphera?"

"Ayi, amalume."

A Willie anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Mankhwala? Ngati pali vuto lakuchipinda undiuze ine usanakachite manyazi kwa eni. Pa Mdeka pali mkulu wina amazitha zimenezo."

"Ndili bwinobwino ine! Amangokwera basi. Akafika pamwamba amaona malo, kujambula, n'kutsika."

"Kuona chiyani?"

"Chileka yense. Bwalo la ndege, midzi, misewu."

"Chileka tili panoyu? Ukwere phiri lonselo, thukuta kamukamu, kuti ukaone pomwe unaima m'mawa? Aaa, sukulu inakulakwira, mphwanga."

Lumbani anasuzumira kumsewu, mtima uli m'malere. Caroline anali atatumiza kale uthenga woti wanyamuka. Mawu oti akanene pamwambapo anali atawayeserera pagalasi mpaka anzake ogona nawo nyumba imodzi anawaloweza. Ndipotu palibe mtsikana wa m'dziko muno amene angaone mkulu wa suti ali ndi tambala m'khwapa osadziwa chimene chikubwera. Amalumewo anayenera kuchoka, ndipo anayenera kuchoka msanga.

"Tamverani, amalume. Masiku ano zimayenda chonchi. Tikafika pamwamba, ine ndigwada, ndimuonetsa mphete, ndimufunsa ngati angandilole."

"Ugwadira amalume ake."

"Ndigwadira iyeyo."

"Iii! Wamuchimwitsa?"

"Ayi!"

"Nanga wamulakwira chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye ukugwada usanalakwe? Tsiku lodzalakwa udzatani, udzagona chafufumimba?"

"Si kupepesa ayi, n'chikondi. Taonani." Lumbani anatsitsa chikwama chake chakumsana, nagwada ndi bondo limodzi pafumbi pomwepo, dzanja atatambasulira amalume ake. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pafupi anayamba kululutira.

A Willie anamuzungulira ngati akuona mbuzi yoti agule. "Bondo linalo latani? Likupweteka? Nanga phiri ukwera bwanji?"

"Amagwada choncho. Bondo limodzi."

"Kugwada kwa theka. Ukwati wakenso udzakhala wa theka."

Lumbani anadzuka msangamsanga akupukuta bondo.

"Chabwino," anapitiriza a Willie. "Tinene kuti wagwada, mwana wa eni walola. Mboni ndani?"

"Sipafunika mboni. Pamakhala anthu awiri okha."

"Kuphiriko kumakhala ndani?"

"Mbalame, agwape, anyani."

"Ehe! Anyani. Ndiye tsiku lomwe adzakuponyere mbale n'kumanga katundu, udzathamangira kwa nyani? Nyani adzavala jekete kudzakukhazikani pansi? Ine ndine nkhoswe yako, kaya ukufuna kaya sukufuna. Unabadwa ndili nkhoswe kale."

"Zachinkhoswe tidzachita, amalume. Tsiku lina, kwawo, mwadongosolo. Lero ndi kungofunsa."

"Kufunsa ndiye ntchito yanga. Iwe yako ndi kukhala chete, kuyang'ana pansi ngati munthu wabwino." Anakonza tambala m'khwapa, nayang'ananso phiri, napumira m'mwamba. "Basi, tikwera. Ndakwerapo zitunda za ku Chigaru ndi thumba la feteleza pamutu. Inu muzitsogola, ine ndizibwera pambuyo. Ukagwada ndi kabondo kakoko, ine nditsokomola kamodzi, ukhale umboni."

"Ndi nsapato zimenezo? Ndi tambala?"

"Tambala ndiye mwini ulendo. Ndamutenga kuti zonse zithere kamodzi, tisamavutitse minibasi."

"Saloleza nkhuku m'nkhalangomo!" Limeneli linali bodza, koma Lumbani anali atafika pogwira chilichonse. "Komanso muli afisi. Akamva fungo la tambala atitsatira."

A Willie anatong'ola maso. "Afisi? Ukutengera mwana wa eni kwa afisi, popanda wamkulu? Akamudya, a kwa Kuntaja akagogoda khomo la ndani? Langa! Ndidzawauza kuti chiyani, kuti mwana wanu anapita kukaona Chileka? Tsopano ndiye sindikusiyanso. Pita patsogolo."

Tambala, ngati wamva, anakupiza mapiko n'kulira mokweza dzuwa lili pamwamba. Anyamata a kabaza anafa nacho chiseko. Chakutali, minibasi yoyera inali ikubwera. Apa Lumbani mtima unamuthawa, ndipo pakamwa panatuluka zomwe mwana woleredwa m'tchalitchi sayenera kulankhula.

"Amalume, mukundichititsa manyazi! Zanuzo n'zakale. Tsobola wakale sawawa. Sindinakuitaneni, sindikukufunani, ndipo ukwati wanga ndiyendetsa ndekha. Bwererani ku Lirangwe ndi nkhuku yanuyo!"

Mayi wa zitumbuwa uja anagwira pakamwa. A Willie anamanga batani la jekete, nasisita tambala pamutu.

"Anthu awiri okha, wati?"

"Awiri okha."

"Ndamva."

Anawoloka msewu pang'onopang'ono n'kukakwera minibasi yomwe inkadikira kudzaza kuti ipite ku tauni. Lumbani anamva chisoni, inde, koma tinene zoona, mpumulo unali waukulu kuposa chisonicho. Anakonza kolala, nagwira m'thumba kuti amve ngati kabokosi ka mphete kalimo.

Minibasi yoyera ija inaima. Caroline anatsika atavala zamasewero, botolo la madzi m'manja, akumwetulira mwamanthamantha. Pambuyo pake panatsika mkulu wamtali wa chipewa, suti yakuda, ndodo kudzanja lamanja. Kudzanja lamanzere ananyamula jumbo, ndipo m'jumbomo munasuzumira mutu wa thadzi.

"Awa ndi amalume anga, a Noel," anatero Caroline. Kenako ananong'ona: "Mayi ako anaimbira mayi anga Lachitatu. Koma usadandaule, pamwamba ndikadabwa ndithu. Ndayeserera pagalasi."

A Noel anamuyang'ana Lumbani kuyambira kukabudula mpaka kunsapato. "Mwadzuka bwanji, achimwene? Tamva kuti pali mawu. Akuluakulu anu ali kuti?"

"Aaa, ali... analipo."

"Ife mawu timalandira kwa nkhoswe. Mwana wathu sakwera phiri ndi munthu wopanda kwawo. Ngati mwabwera nokha ngati bowa, tikwera yomweyi tibwerere, ndipo nkhaniyi yathera pano."

Lumbani anawoloka msewu osayang'ana n'komwe magalimoto. Kondakitala anali akukuwa kuti watsala munthu mmodzi. A Willie anali pawindo, tambala pamiyendo, maso ali kutsogolo ngati munthu woti sanaonepo Lumbani chibadwire.

"Amalume, tsikani!"

"Mukundiitana ine, achimwene? Ine ndine tsobola wakale."

"Ndinalakwitsa. Kwabwera amalume ake a Caroline. Akufuna nkhoswe."

"Kuphiri kuli anyani ambiri. Kasankhe wamkulu."

"Amalume, chonde! Abwerera naye!"

"Unati pamafunika anthu awiri okha." A Willie anasuzumira kutsidya n'kuwerenga ndi chala. "Iwe, mtsikanayo, akuluwo. Mwakwana kale atatu, kuwonjezera thadzi. Ine ndingakupanikizeni."

"Tambalayo akufunika!"

"Saloleza nkhuku m'nkhalangomo. Muli afisi."

Mayi wina wa dengu la tomato analowa n'kudzaza mpando wotsala uja. Kondakitala anamenya chitseko, dalaivala naliza injini. Kutsidya, a Noel anali atagwira kale Caroline pamkono. Lumbani, mphunzitsi wa ana a anthu, anadzigwetsa pafumbi pamaso pa siteji yonse, bondo limodzi pansi, manja atakweza kuwindo.

"Amalume anga, ndapota nanu. Khalani nkhoswe yanga."

A Willie anagwira dalaivala paphewa kuti adikire kaye. Anatulutsa mutu pawindo, namuyang'ana mphwawo mosafulumira, kuyambira kumutu mpaka pansi.

"Mawondo onse awiri, mphwanga. Ine si Caroline."