Diresi la Mkono Umodzi

"Ndikufunsa kuti mkono uwu wachokera kuti!"

"Paphewa, mayi. Mikono yonse imachokera paphewa."

Mzime, mwana wotsiriza wa a Telala, anaima pakati pa kashopu ka bambo ake manja ali kunkhongo, akuyang'ana diresi lofiira limene anasoka yekha kuti akalionetse tsiku lomwelo kwa oweruza a mpikisano wa mafashoni wa pa kanema. Dzulo lake analisiya pa chidole choyeserapo zovala lili ndi mkono umodzi, monga momwe analilotera. Lero analipeza lili ndi iwiri, yofanana ngati mapasa.

"Bambo, ine ndinalisiya ndi mkono umodzi."

"Ndinaona. Usavutike n'kuthokoza."

"Kuthokoza?"

"Mwana akaiwala, kholo limamalizitsa mwakachetechete. Ngakhale amayi ako sindinawauze."

"Sindinaiwale! Ndinachita dala!"

A Telala anasiya kupalasa makina n'kutsitsira magalasi kunsonga ya mphuno. "Dala? Nsalu inakuthera?"

"Ndi sitayilo."

"Ohoo. Nanga wovalayo ali ndi mikono ingati?"

"Iwiri."

"Winawo aziusiya kunyumba?"

Mzime anatseka maso. M'maloto ake onse, nthawi ngati ino amakhala akuyenda pansi pa magetsi owala, nyimbo ikugunda, muulutsi wa mawu okoma uja akutchula dzina lake pang'onopang'ono ngati akulilawa. M'maloto amenewo munalibe fungo la mafuta a makina, munalibenso mulu wa mayunifolomu odikira mabatani.

"Tamverani, bambo. Diresi ili lili ndi dzina. Ndi Chikondi Chosayankhidwa."

"Ine chiyambire kusoka, dzina limene ndimalemba pachovala ndi la mwini wake. Ndi choko."

"Phewa ili liyenera kukhala pamtunda. Likudikira dzanja la wina."

"La ndani?"

"La aliyense!"

"La aliyense!" A Telala anadzuka, tepi ili lende m'khosi. "Ndinakutumiza kusukulu kuti phewa lako likhale la aliyense?"

"Ndi fanizo, bambo!"

"Ndi kamnyamata kokonza mafoni pakona paja, eti? Koyenda ngati thalauza likukaluma?"

"Palibe mnyamata!"

"Ndiye amene sakuyankhayo ndani?"

"Palibe!"

"Ngati palibe, phewa likudikira chiyani pamphepo? Livale, wodikiridwayo akabwera adzagogoda."

Apo maso a Mzime anatsikira kumunsi kwa diresi. Mpendero umene anaudula mopendama, wamfupi kumanja, wautali kumanzere, ngati funde lomwe latsala pang'ono kusweka, tsopano unali wowongoka ngati m'mphepete mwa tebulo.

"Mpenderonso?"

"Eya, pamenepo mpomwe ndinatuluka thukuta. Unadula uli ndi tulo kapena?"

"Unali wopendama mwadala!"

"Komatu ana inu zadala zakuchulukirani."

"Nanga siliti? Panali siliti apa!"

"Chibowo chofika m'ntchafu chija? Ine ndimati makoswe. Ndatchera kale msampha kuseri kwa kabati."

"Mayo ine!"

"Usalire, sizikuoneka n'komwe kuti panang'ambika. Ndakuikiranso matumba."

"Matumba? Pa diresi la madzulo?"

"Madzulo munthu sayenda ndi foni?"

Mzime anazungulira chidole chija. Kumbuyo n'kumene kunali ulemerero wonse wa diresilo: mchira wautali umene unayenera kutsatira wovalayo pansi ngati malawi a moto, mpaka oweruza aiwale zolembera zawo. Anapeza kumbuyoko kuli mbee.

"Mchira uli kuti?"

"Chinkasesa pansi chija? Tsache tili nalo, mayi."

"Bambo. Mchira. Uli. Kuti."

"Nanga ukuganiza kuti mkonowo ndinautenga kuti? Nsalu yofiira yotere imamera m'munda?"

Mzime anangokhala pa mulu wa mayunifolomu uja. Kenako anawerengera m'mutu, pakuti mwana wa telala ndi mwana wa telala basi, ngakhale akulira.

"Mchira unali wautali kuposa mkono. Nsalu yotsalayo ili kuti?"

A Telala anayamba kufunafuna sizasi pansi pa makina. Sizasiyo inali m'manja mwawo.

"Zikomo kwambiri, bambo," anatero Mzime, mawu ali zii. "Mwagwira ntchito yotamandika. Ndinasoka chikondi, mwandibwezera yunifolomu ya kwaya."

"A kwaya amaoneka bwinotu."

"Ndikaima pamaso pa dziko lonse n'kunena kuti, onani, manja onse awiri ali m'matumba."

"Koma uimirire mowongoka ukamanena."

"Ndikukunyozani, bambo!"

"Ndamva. Koma uimirirebe mowongoka. Mayi woweruza wa ndolo zazikulu uja sakonda munthu wowerama. Sabata yatha anathamangitsa mnyamata wa jekete la mapepala, osati chifukwa cha mapepalawo ayi, koma kaimidwe."

Mzime anadzutsa mutu pang'onopang'ono. "Si inu mumati pulogalamu imeneyi ndi ya anthu osowa chochita?"

"Ndimatero."

"Mumati simuonera."

"Sindionera. Ndimangodutsa. Kanemayo ali panjira ya kubafa."

"Mumadutsa mpaka pulogalamu kutha?"

"Mawondo, mwanawe. Ukadzakula udzamvetsa."

Panja minibasi inaliza hutala n'kupita. Mzime anaona m'maganizo mwake mzere wa anzake opikisana nawo ukutalika pakhomo la holo, aliyense atanyamula maloto ake m'chikwama, ake okha ndiwo atasokedwa pakamwa. Oweruzawo sadikira munthu. Wochedwa amauzidwa kuti adzayesenso chaka chamawa. Chaka chamawa! Chaka china cha mabatani!

"Ndadziwa tsopano," anatero akuimirira. "Simufuna kuti ndipite. Mukufuna ndikalambire pa mpando uwo, ndizisoka zigamba pamatako a mathalauza a anthu mpaka magalasi anditsikire pamphuno ngati inuyo."

"Magalasi anga alakwanji?"

"Mwaliwononga dala kuti akandiseke ndibwerere!"

"Iyayi, zadala ndi zako. Ine zanga zimakhala zoyeza."

Mzime anatola lezala pa tebulo n'kulunjika pa chidole. Siliti anaitsegula kamodzin'kamodzi, ulusi uli thethethe. Atafika paphewa, a Telala anatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno," anatero a Telala. "Udula nsalu. Msoko wanga sumasulidwa ndi munthu wokwiya."

"Ndiye mumasule!"

"Ukanangonena poyamba paja kuti bambo masulani, bwenzi titamaliza. Iwe unayamba ndi mbiri ya chikondi."

A Telala anayambira kukhwapa, akudula ulusi umodziumodzi, nkhope ili ngati ya munthu amene akugwetsa nyumba yomanga yekha. Anakwera chakutsogolo, nafika pamwamba pa phewa. Pamenepo mkono uja unagwa chagada n'kutsala lende kumsana, utangogwira ndi kamsoko kakumbuyo. Kamphepo kolowera pakhomo kanauyepula, ndipo unauluka pang'ono n'kutera.

Mzime anakweza dzanja.

"Siyani pompo!"

"Sindinamalize."

"Latha! Musalikhudzenso!"

"Mkonowu ukulendewera, mayi."

"Si mkono. Ndi phiko." Maso ake anali atapita kale kutali. "Taonani, bambo. Phewa lili pamtunda, ndipo chimene chinalifunditsa chikuchoka, koma chikukanika kuchokeratu. Ndi chikondi chimene chatsanzika koma chaima pakhomo!"

"Chikondi chomwe chija? Chosayankha chija?"

"Ichi n'chinanso. Chozama kuposa chija."

A Telala anayang'ana mkono, nayang'ana mwana wawo, nayang'ananso mkono. "Anthu aziti wagwidwa ndi galu."

"Azitero. Mayi wa ndolo uja alira."

"Alira ndithu. Inenso misozi ili pafupi."

"Matumba ndawasiya. Musaganize kuti ndawakonda. Nthawi ndiyo yatha."

"Udzandithokoza foni ikadzalira."

Mzime anavula chidole chija, napinda diresi mosamala, phiko pamwamba, n'kuliika m'chikwama. Anadziyang'ana pa galasi lothimbirira la makasitomala, nakonza tsitsi, nayeserera kamodzi kumwetulira kwa munthu wodabwa kuti wapambana. Atafika pakhomo anatembenuka, chibwano m'mwamba, monga amachitira opikisana akamatuluka pa kanema.

"Mwayesetsa, bambo, koma mwalephera. Ndikupitabe. Mukandifuna mundipeza panjira ya kubafa."

A Telala anapukuta manja pa thalauza, navala jekete lawo la maukwati limene, Mzime anangozindikira tsopano, linali litapachikidwa kuseri kwa chitseko chiyambire m'mawa, lositasita. Kenako anakoka kabati ya pansi pa makina n'kutulutsamo tayi yatsopano, yofiira psuu, ya nsalu imene Mzime akanaizindikira ngakhale mumdima.

"Mchira wanga!"

"Wotsala wake."

"Bambo! Mwasandutsa malawi a moto kukhala tayi?"

"Ndani wati usapite?" anatero a Telala akumanga mfundo pakhosi, maso ali pagalasi. "Ine chiyambire m'mawa ndikudikira kuti unene kuti, bambo ndiperekezeni. Mwana akapambana, kamera imapita pa kholo likulira. Ukufuna dziko lonse lindione ndikulira wopanda tayi?"