Ndinathawa pa Maliro, Udindo Unandithawa

Okondedwa owerenga nkhani pa wailesi, dzina langa musalifune. Ndimagwira ntchito pa empereza, kapena kuti kampani, yogulitsa mbewu ku Ulongwe. Chibadwire, phokoso limandibaya m'mutu ngati singano, ndipo anthu akachuluka lilime limauma. Adotolo ku Tete anati ndi autizimu, ndi mmene ubongo wanga unapangidwira.

Chaka chatha adiretori, akulu a emperezayo, anandilonjeza udindo wa ushefe, woyang'anira anzanga. Posakhalitsa, mayi a mnzathu wa kuntchito anamwalira ku Domwe, tonse tinapita. Mwambo uli mkati, adiretori anandikodola. "Achimwene, imirirani mupepese m'malo mwa empereza. Ushefe umayambira pano."

Ndinaimirira. Nthawi yomweyo amayi a m'nyumba ya siwa anayamba kubuma. Mawu anandithawa, manja anapita okha kumakutu, ndipo ndinathamangira m'munda wa mbatatesi, khamu lonse likuona. Ndinalira kumeneko ndekha, pakuti malemuwo ndinkawakonda.

Lolemba palibe anandipatsa moni. Kumbali ankanong'ona kuti wothawa maliro ndi wokhwima. Ndinawafotokozera adiretori zonse, iwo n'kuti, "Ntchito mumaitha, koma shefe ndi wa anthu. Kachireni kaye."

Ndichire chiyani, abale, poti si malungo? Udindo anapatsa wina. Masana ndimadya ndekha kuseri kwa matumba a mbewu.

Inu omvera, mukaona munthu watseka makutu pa maliro, musafulumire kumutcha mfiti. Koma kwa ine madzi anatayika kale. Chimene chimandidya n'chakuti tsiku langa likadzafika, adzanyamule bokosi langa ndani?