Thobwa Losalawa

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Abusa, akulu a mpingo, zikomo pondipatsa mpata. Ine ndine uja mumandiona ndikugulitsa tomato pamsika pano pa Katete. Lero ndilankhula, ndipo amene zimuwawe zimuwawe.

Kwathu ndi kumudzi, kuseri kwa Sinda. Amuna anga atamwalira ndinatsala ndi khasu basi. Ndinalima thonje. Ndinapalira ndi manja awa, ndinapopera mankhwala ndekha mpaka msana kusupuka. Chaka china linabereka bwino, ndinafolera nyumba ndi malata. Mlandu wanga unali womwewo, abale. Malata!

Ndili ndi mlongo mmodzi yekha, a Tobiyasi, achisamba m'mimba mwathu, eni mbumba. Chaka chomwecho mwana wawo wamwamuna anadwala malungo, namwalira. Ndinathamangira kusiwa ndikulira. Mlamu wanga, mkazi wawo, anadzuka pakati pa azimayi n'kundiloza chala. Akuti ndakhwimira mwanayo, akuti malata anga ndi magazi ake. Ndinayang'ana kwa alongo anga kuti anditchinjirize, si ndiyo ntchito ya mwini mbumba? Iwo anati, "Ine ndilibe mlongo. Achoke."

Anandikoka pamphasa ngati galu. Ena mwa okokawo anali a chigwirizano, azimayi oimba nawo kwaya. Amati chibale ndi fupa, sichiwola. Changa chinawola, chinanunkha.

Miyala itayamba kugwa pamalata paja ndinathawira kuno. Mantha, abale, mantha! Ndikaona munthu wakwathu akutsika minibasi, ndinkabisala pansi pa thebulo la tomato. Mayi wamkulu ngati ine, pansi pa thebulo.

Ndipo musaganize kuti ndinali wofatsa kwa Mulungu. Ndinkakangana naye. Ndinkamuuza kuti, Inu munalipo m'munda muja, munaona thukuta langa, mboni ndinu nokha, nanga bwanji mwatseka pakamwa? Kutchalitchi ndinkabwera, koma kudzakwiya. Pemphero lija timanena tonse pamodzi, tikafika pa mawu okhululukira otilakwira, ine ndinkaluma milomo. Ndinkati ayambe Iye kundiyankha. Zaka zinapita, Iye chete, inenso chete.

Tsiku lina mayi wina wakwathu anandipeza pamsika, nandiuza kuti a Tobiyasi anagwa m'munda, mbali imodzi ya thupi yafa, ndipo akuitana ine. Ndinaseka kuseka koipa. Ndinadziwa kuti ndi msampha. Ndikapita iwo n'kufa, adzati wabwera kudzamaliza. Ndikapanda kupita, adzati mwaona, akudziwa chimene anachita. Mtima unkati asiye, afe ndi mkazi wawoyo. Koma chakudya sichinkatsika, pemphero silinkatuluka. Mulungu anandigwira pakhosi, osandisiya.

Pamapeto ndinamuuza kuti, chabwino, ndipita, koma inenso sindikusiyani. Mukandichititsa manyazi kumeneko, manyaziwo ndi anu. Inde abusa, ndinanena choncho, musandiyang'ane.

Kwa wodwala sapita chimanjamanja, ndiye ndinaphika thobwa, ndinathira m'chigubu. Ndinatsika pa Sinda n'kuyenda wapansi. Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Ndinati odi, palibe woyankha. Ndinatinso odi, anthu ali pakhonde akungondiyang'ana. Mlamu wanga sanandipatse mphasa, ndinakhala padothi.

Alongo anga anali atagona pamthunzi, owonda, pakamwa patapindika. Ndinathira thobwa m'kapu. Mwambo mukuudziwa: wobweretsa chakumwa amayamba walawa yekha anthu akuona, kuti adziwe kuti mulibe kanthu. Nanga ine, wotchedwa mfiti, ndikanalekeranji? Ndinakweza kapu kukamwa kwanga. Dzanja lawo lamoyo lija linandigwira pamkono, mwamphamvu.

Mlamu anakuwa kuti, "Musamwe! Alawe kaye!"

Alongo anga analankhula movutikira, koma aliyense anamva. Anati, "Mlongo wanga salawa."

Anamwa, abale. Anamwa lonse, lina likutsikira m'khosi mpaka pamalaya. Mudzi wonse unaima kudikira kuti agwe. Ineyo ndinali kupemphera ndi mano olumana kuti, Mulungu, asatsamwe, asatsokomole n'komwe. Iwo anangotambasula kapu kuti ndithirenso.

Sindinama pamaso pa Mulungu kuti zonse zili bwino. Alongo anga pepani sananene, mpaka lero. Mlamu wanga amandiyankha moni ndi mphuno, inenso sindinafike pomukonda. Nyumba yanga ija anaizula malata, ndipo amene anazula ndikuwadziwa. Koma a Tobiyasi ali moyo, akuyenda ndi ndodo. Ndimapita kukawaona masana, podzera pakati pa mudzi, osati kuseri kwa nkhokwe. Wakwathu akatsika minibasi ndimamuitana ndine kuti adzagule tomato.

Mulungu amene ndinkamukalipira uja sanandikanthe. Anandilola kulimbana naye mpaka ndinatopa, ndipo anandiyankha ndi pakamwa popindika pa mlongo wanga. Mawu aja ndinkalumira milomo tsopano ndimawanena. Amatuluka mowawa, koma amatuluka.

Ndithokoza Ambuye. Mundipempherere, ndipo mlamu wanganso mumupempherere, chifukwa ine pandekha zikundivutabe. Amen.