Mapazi Safolera Petulo

— Halo? Amayi?

— Halo! Ndiwe Anock? Mwadzuka bwanji, bwana a ku Area 43?

— Tadzuka, kaya inu ku Kawaleko?

— Ife tili gwa! Nanga mpongozi wanga Pauline ndi kakhandako?

— Aliko. Bwanji mukupumira m'mwamba?

— Ndikuchokera kumsika ku Chilinde. Ndadzera kuchigayo, ndazondanso odwala awiri, teni koloko isanakwane. Ndiye uzindiuza zoti ndisamukire kumipanda kwanuko?

— Amayi, netiweki ikuvuta, tandimverani kaye...

— Kumalo koti mchere ukatha mpaka ulize galimoto! Ine ndikangotuluka ndi kambale, ndisanafike pampopi ndapeza mchere, moto, ndi nkhani zomwe.

— Nkhani yake ndi yomweyo. Ndili pamzere wa petulo, lero tsiku lachiwiri.

— Iii! Nanga kunyumba kuli ndani?

— Pauline yekha. Wantchito anapita kumaliro ku Dedza.

— Yekha? Mwana mchombo sunagwe n'komwe! Phala akumuphikira ndani? Matewera akuchapa ndani?

— N'chifukwa chake ndaimba. Akuti akumva chizungulire, kuyambira dzulo wangomwa tiyi. Golosale ili kutali, minibasi sizilowa kwathu.

— Nanga aneba?

— Sitidziwana mayina. Timangolizirana hutala pageti.

— Ha! Ndiye moyo wake umenewo?

— Ndikachoka pano anditengera malo. Mafuta akangobwera ndidzakutengani, mwina mawa.

— Mawa? Mayi wa m'chikuta agone ndi njala chifukwa cha petulo? Ndikunyamuka pompano.

— Mukwera chiyani? Minibasi nazonso zafola konkuno.

— Iwe, tauni ino ndinaiyenda pansi ndili nawe kumsana, dengu la tomato lili pamutu. Mapazi angawa safolera petulo. Ndingokuwa pampandapa, mayi Jemima ndi mayi Salama avala nsapato. Ufa ndili nawo kale, nkhuku ndigwira yakuseri. Tidulira cha ku City Centre.

— Ndi kutali, Amayi, mukafika mutatheratu.

— Kutali n'kwa inu oyenda muli chikhalire. Wani koloko Pauline akhala atasamba madzi otentha, akumwa msuzi.

— Amayi... sindikudziwa kuti ndinene chiyani. Mayunitsinso akutha.

— Usanene kanthu. Otsalawo umuimbire mkazi wako, umuuze asagwire ntchito iliyonse. Angomanga galu, geti alisiye lotsegula.

— Chabwino. Muyende bwi...

— Mayi Jemima! Tatulukani, kuli ulendo!