Mkanjo wopanda nkhope

Zaka zija nkhondo itangotha, anthu tikubwerera kuchokera ku Malawi ndi mitolo pamutu, ine ndinali wojambula zithunzi pa Entre Lagos, ndipo aliyense wofuna chithunzi cha pa bilyeti, chitupa cha boma chija, ankadzera kwa ine. Musaseke, inu a mafoni. Kamera yanga inali chibokosi cha miyendo itatu, ndinkalowetsa mutu m'nsalu yakuda n'kumuona munthu pagalasi atazondoka, mutu pansi, ndipo filimu imodzi inali ya munthu mmodzi, osati zanuzi zongodina n'kufufuta. Kuwala ndinkayeza ndi dzanja langali: kulitambasula padzuwa, kuona mthunzi wake, basi.

Ndiye kunabwera mlamu wanga wa ku Nampula ndi kamakina konga wailesi yaing'ono, koyendera mapilya, mabatire aja. Akuti ukakalozetsa kumene ukujambula, kamakuuza manambala a mmene utsegulire diso la kamera. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ine ndinakalandira ndi manja awiri, dzanja langa n'kulichotsa ntchito.

Sabata yomweyo anandiitanitsa Che Amidu, msodzi wokalamba wa ku Chiuta, amene chibadwire anali asanajambulidwepo. Ndinawapeza akudwala, koma atavala mkanjo woyera mbee ndi mzuli kumutu, atakhala pampando, kumbuyo kwawo madzi akunyezimira.

“Che Foto,” anandiitana choncho, “ine ulendo wayandikira. Mundisungire nkhopeyi, adzukulu osabadwa adzandidziwe.”

Filimu inali itatsala imodzi. Mthunzi wa dzanja unati tsegula kwambiri, kamakina kanati tseka. Mumtima ndinati, iwe Dinizi, sukulu unalekeza panjira, ungapose makina ndiwe? Ndinamvera kamakina.

Ana inu, nditatsuka filimuyo kunatuluka mkanjo. Mkanjo wokongola, ulusi uliwonse kuoneka, mzuli pamwamba, koma pakati pa ziwirizi mdima bii! Ndinapalasa njinga kukasaka filimu ina ku Insaca, ndipo pofikanso kunyanja ndinakumana ndi anthu akuchokera kumanda.

Mpaka lero mutu wanga sugwira. Mlamu anati kamakinako sikananame, kanayeza kuyera kwa mkanjo ndi madzi, ine ndiye ndinayenera kukayandikitsa patsaya pawo. Nanga ngati kanali kanzeru, kanalephera bwanji kuona kuti mumkanjomo muli munthu? Ndipo ngati kanali kopusa, bwanji zithunzi zina zonse kankalondola? Kaya. Mwina wopusa ndinali ine ndemwe, safunsa anadya phula.

Chithunzicho achibale a Che Amidu anachilandira, ndipo chilipobe pakhoma kwawo. Mwezi wathawu mdzukulu wa malemuwo, amene nthawi imeneyo anali asanabadwe koma lero ndi mayi wa ana atatu, anandipeza pamsika n'kundifunsa kuti, “Agogo, inu munawayang'anitsitsa, kodi mphuno yawo inali ngati yangayi?” Ndinatsinzina kuti ndiwaone, koma kunangobwera mkanjo wozondoka ndi manambala aja. Ndinachita manyazi, ndinamunamiza kuti inde, ndipo anapita akumwetulira.

Choncho mukamajambula agogo anu ndi mafoniwo, sindikukuletsani, jambulani ndithu. Koma musanadine, tsitsani kaye foniyo muwayang'ane ndi maso anuanu, chifukwa tsiku lina wina adzakufunsani za mphuno yawo.