Mkono Umodzi, Ndavala Ndekha

Abusa, akuluampingo, amayi ndi abambo, monire mose. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo ndiyankhula Chichewa kuti abale athu ogwira ntchito kumalire amve nawo.

Ambiri mukundidziwa. Ndinali wakabaza wa njinga yamoto pakati pa Boma la Chitipa ndi Lufita. Ndinagwa nthawi ya mvula, njinga inandipsinja, madokotala n'kudula mkono wanga wamanja apa, pamwamba pa chigongono. Bala linapola msanga. Chimene chinandigonjetsa ndi mabatani. Musaseke, abale, ndikunena zoona.

Malaya anga onse anali a mabatani, mathalauza a lamba, nsapato za zingwe. M'mawa uliwonse mkazi wanga ankandiveka ngati khanda. Iye atagwada kumanga zingwe, ine maso kudenga. Bambo wa ana atatu. Ndinayamba kumukalipira popanda chifukwa, kenako ndinasiya kutuluka. Miyezi isanu simunandione muno. Abusa, tsiku lija munabwera n'kuuzidwa kuti ndagona, sindinagone ayi. Ndinali kuseri kwa chitseko, wopanda malaya, ndikukumvani.

Tsiku lina mkazi wanga akundimanga batani lachiwiri, ndinamukankha dzanja. Anakhala pansi n'kunena motsitsa mawu: "Bambo a Tumpale, kukuvekani sindinatope. Koma mukadzandikankhanso, ndipita kwathu ku Wenya."

Ndinapemphera m'mawa umenewo. Sindinapemphe mkono. Ndinangoti, Ambuye, ndiloleni ndivale ndekha.

Ndinaponya jekete paphewa n'kulowera kumsika, kumene amagulitsa kaunjika. Mayi wina wa ku Ntcheu anali atangotsegula belo. Ndinaima patali. Anayang'ana mkono wa jekete ukulendewera, koma sanandiuze pepani, sanafunsenso za ngozi. Anangoti, "Achimwene, chimakuvutani n'chiyani povala?" Ndinati mabatani.

Anapisa manja m'mulu muja. Anatulutsa tisheti ya kolala yotuwa, thalauza lakuda la lasitiki m'chiuno, ndi nsapato zansalu zongolowetsa phazi. Anakoleka chitenje pakona n'kundiuza kuti ndikayese, iye sathandiza. Ndinayamba kulowetsa mbali yodukayi, kenako mutu, kenako mkono wamanzere. Thukuta kamukamu. Zinanditengera nthawi, koma ndinatuluka nditavala. Ndekha, abale. Ndekha.

Nditafika kunyumba mkazi wanga anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kugwira pakamwa. Ndinamupepesa pomwepo, ndili chiimire pakhomo, ana akumva.

Panopa kaunjika ndimamudziwa. Ndimapita tsiku lotsegula belo. Ndimayang'ana m'khwapa ndi m'misoko ngati simunang'ambike. Lasitiki ndimamuyesa popondera thalauza ndi phazi n'kukoka ndi dzanja. Akapanda kubwerera, ndimasiya. Jekete ya zipi imafuna manja awiri, ndiye kukazizira kuno ku Chitipa ndimavala juzi, telala n'kundipindira mkono wake kuti usamakupize ndi mphepo. Kukatentha ndimavala za manja aafupi, sindibisanso. Thalauza lakuda limayenda ndi tisheti yowala iliyonse. Mkazi wanga ntchito yake yatsala ya mitundu basi. Tsiku lina ndinavala chofiira ndi chobiriwira, anandibweza pakhomo, akuti ndikuoneka ngati mbendera.

Mwezi watha mayi wa kaunjika uja anandiitana. Panali bambo wina wofa ziwalo mbali imodzi, ataima patali monga ndinkaimira ine. Ndinamusankhira zovala, ndinamuonetsa mbali yoyambira. Uyo wakhala kumbuyoko, wavala yabuluu.

Mkono sunamere, ndipo sindikudikira kuti umere. Koma Mulungu anandibwezera banja, anandibwezanso pakati panu. Ndikuthokoza Iye, ndikuthokoza mkazi wanga. Taimirirani, mayi a Tumpale, akuoneni. Yewo chomene.

Tsono abale, kondwerani nane. Ine kuwomba m'manja sindingathe. Wombani inu, mundiwombere ndi gawo langa lomwe, amayi nthungululu zimveke mpaka kumsika. Ameni.