Injini ya Chitsiru

A Gunvor anawachenjeza amuna awo, ine ndikumva ndi makutu angawa: "Halvor, injini imeneyo musaisinthe nkhosa zisanatsike kuphiri. Miyezi yonse ya dzuwa mumazipititsira mchere pa chigalimotochi, ndiye zikamva kutsokomola kwake zimabwera zothamanga." Koma a Halvor ndi nkhutukumve, komanso anali atatopa ndi kusekedwa pabwalo la tchalitchi chifukwa cha phokoso la injiniyo. Chigalimoto chawo chokwera mapiri, chija chinayenda mpaka kukalamba, anachipereka kwa makaniko Eilif, mwana wa mlongo wawo, kuti aikemo injini ina. Eilifyo ndi munthu woopsa, ana inu, chifukwa chimene wamuuza amachita chomwecho, osawonjeza, osachotsa. Tsono wailesi itanena kuti chipale chofewa chigwa mkuja, nkhosa zikadali kuphiri, a Halvor anatulukira kugalaja thukuta lili kamukamu.

"Iwe Eilif, galimoto ija wandiwonongera!"

Eilif anapukuta manja pa kansanza. "Yakana kulira, amalume?"

"Ikulira."

"Ikufuka?"

"Ayi."

"Ikudontha mafuta? Ikukanika chitunda?"

"Ikukwera ngati mbuzi. Koma sikumveka!"

"Zikomo kwambiri," anatero Eilif, nkhope ikuwala. "Munati muike injini ina yoti ngakhale abusa a kutchalitchi asadziwe kuti mwafika. Ndinakayesera pakhomo pawo. Sanasuzumire n'komwe."

"Nkhosa nazonso sizikusuzumira! Ndazungulira phiri lonse, zangondiyang'ana ngati wokhometsa msonkho, n'kuthawira kumtunda."

"Za nkhosa simunanene. Munanena za abusa."

A Halvor anavula chipewa, anachipotokola, n'kuchivalanso. "Chabwino. Bweza phokoso lija."

"Liti? Analipo atatu. Kugogoda, kutsokomola, ndi kaja kolira ngati mwana wa mphaka."

"Onse!"

"Kugogodako kunkabwera chifukwa zitsulo za m'kati zinaperepeseka. Ndikhoza kuthira mchenga mu oyilo, pofika chaka chamawa izigogoda bwinobwino."

"Usaikhudze! Injini yatsopano ngati imeneyi uithire mchenga?"

"Ndiye ndisaiwononge."

"Usaiwononge."

"Koma izimveka ngati yowonongeka."

"Eya!"

Eilif anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kudenga. "Mwayesa kutsokomola nokha pawindo?"

A Halvor anayang'ana pansi. Mawu awo anali osasa kale, ndiye inu dziwani nokha chimene ankachita kuphiriko.

"Injini yakale ija ili kuti?" anafunsa motsitsa.

"Munandiuza chochita nayo, amalume."

"Ndinati chiyani?"

"Munati, 'Upatse chitsiru chilichonse chimene chingaifune.'"

"Mayo ine! Ndiye unapatsa ndani?"

"Si ntchito yamasewera, amalume, zitsiru zikusowa. Anabwera Sverre wa boti uja, akuifuna. Ndinamufunsa kuti, 'Kodi ndiwe chitsiru?' Anati ayi, n'kunditukwanira makolo. Sindinamupatse. Anabwera wogula zitsulo zakutha. Ndinamufunsanso. Amene uja anafuna kundiponya sipanala."

"Basi, ndikuifuna ndine. Bwera nayo."

Eilif anaimirira mowongoka, manja kumbuyo, ngati mwana wa kwaya. "Amalume, kodi ndinu chitsiru?"

"Iwe! Ine mlongo wawo wa amayi ako?"

"Zimenezo ndikudziwa. Ndafunsa zina."

"Injiniyo ndi yanga!"

"Inali yanu. Munaipereka kwa chitsiru, ine ndinkangochisungira."

"Ndiye lamulolo ndalichotsa."

"Munanenanso kuti, 'Ngakhale ndibwere ndikulira, usandimvere.' Mukulira, amalume?"

"Sindikulira! Ndi mphepo ya kuphiri iyi!"

"Kaya mukulira kaya simukulira, ndisakumvereni basi."

Apa m'pamene ndimanena ine kuti mawu olankhula utakwiya ali ngati mbuzi yomasuka, amakadya m'munda mwako momwe. A Halvor anapita pakhomo, anayang'ana phiri. Mitambo inali itayamba kuda bii kumpoto. Nkhosa zogona m'chipale sizidzuka, ndipo zimenezo ankazidziwa bwino. Anabwerera akukoka miyendo.

"Tinene kuti ndinalakwitsa pang'ono."

"Wolakwitsa pang'ono simunamutchule."

"Ndinapupuluma."

"Wopupuluma ndi Sverre. Sanapatsidwe."

"Mwina ndi theka la chitsiru."

"Theka la chitsiru limalandira theka la injini. Koma theka sililira."

A Halvor anasuzumira kunja, kumanja ndi kumanzere, kuopa anthu. Anatseka chitseko. Kenako ananong'ona timawu tosamveka.

"Sindinamve, amalume, makutu angawa anagontha ndi injini yanu ija."

"Ndine chitsiru!" anakuwa a Halvor, mpaka masipanala a pakhoma ananjenjemera. "Chitsiru chenicheni, cha m'chigwa chonse chino! Wamva? Tsopano ndipatse injini yanga!"

Eilif anagwedeza mutu mokhutira. "Mwayankha bwino kwambiri. Mukanakhala oyamba, bwenzi mutaitenga."

"Oyamba?"

Nthawi yomweyo kumtunda kunamveka kugogoda, kutsokomola, ndi kulira ngati kwa mwana wa mphaka. Pambuyo pake mabelu a nkhosa, ngwe ngwe ngwe, phiri lonse. A Halvor anatsegula chitseko, kukamwa kuli yasa. Thirakitala inali kutsika pang'onopang'ono, a Gunvor ali pa chiwongolero, injini yakale itamangidwa pangolo ikufuka utsi wakuda, nkhosa zonse zili pambuyo ngati anthu operekeza mkwatibwi.

"Azakhali anabwera m'mawa, ndinawamangirira pangolo ndi batire ndi kachigubu ka mafuta," anatero Eilif. "Nditawafunsa funso lija sanachedwe n'komwe. Anati, 'Mwana iwe, ndinakwatiwa ndi amalume akowo ndipo ndikadali nawo. Umboni wina ukufuna wotani?'"